Rota ya Galimoto ya Achimwene

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa cha benchi limene ndinagonapo pasiwa. M'nyumba momwe munali thupi la achimwene anga amayi ankaimbabe, koma mawu awo anali atasasa. Kuseri kwa chigafa moto unali utayaka kale pansi pa migolo ya madzi. Kunkawaza mvula, monga imachitira kwathu kuno ku Kabudula fodya akamathyoledwa.

Achimwene anali makaniko moyo wawo wonse. Anasiya pikapu yakalekale yachifalansa, imene inaima pansi pa mtengo wa mango zaka ziwiri zimene iwo anadwala. Ali m'chipatala ananena pamaso pa ine ndi pa alamu anga, akazi awo, kuti: "Tsiku langalo, galimoto yanga idzandinyamule." Ine ndinali mphunzitsi wa Chichewa, ndipo chiganizo ndikachimva sindichisintha. Ndinachilemba papepala tsiku lomwelo.

Kutayera anthu anayamba kufika, a ku Nsaru panjinga, a m'maesiteti wapansi, atafunda mapepala a pulasitiki kumutu. Panalinso amuna anayi ochokera mumzinda, a gulu la okonda magalimoto akale, amene ankabwera kwa achimwene kudzakonzetsa mainjini awo. Anapepesa mwachidule, napita kumtengo wa mango kukatsekula boneti. Ine ndinali pakhonde, ndikukonza mbiri ya malemu, choncho zonse ndinkazimva.

"Iyi ndi 403, taonani magetsiwa," anatero wamfupi.

"Bodi yokha ndiye 403, akulu. Injiniyi ndi ya 404 ya mpikisano. Makabuleta awiriwo simukuwaona?" anayankha wa ndevu zaimvi.

"Mpikisano wake uti? Wothamangitsa nkhuku?"

Anaseka onse anayi, amayi akulira m'nyumba. Pambuyo pake wamfupi uja anadza nasuzumira papepala langa osapempha.

"Madala, musalembe 404 pamenepo, mungatichititse manyazi."

Ndinamuuza kuti ine si madala ake, kuti ndinalemba "galimoto" basi, ndi kuti chimenecho n'chokwanira kwa anthu amene abwera kudzalira munthu.

Mapemphero apanyumba anatha dzuwa lili pamutu, ngakhale silinkaoneka. Adzukulu anatulutsa bokosi nalikweza kumbuyo kwa pikapu. Mwana wa mlongo wathu, amene amayendetsa lole, anali ataikamo batire latsopano. Anapotokola kiyi. Injini inazungulira koma sinalire. Anayesa kachiwiri, kachitatu, khamu lonse lili chiimire. Atatsekula boneti anapeza kuti rota palibe, kachipangizo kakang'ono kamene kamagawa moto m'injini.

"Ndachotsa ndine," anatero wa ndevu zaimvi, wosachita ngakhale manyazi. "Yaima zaka ziwiri iyi, oyilo anauma. Mukailiza lero ifa, ndipo ina yotere simudzaipezanso."

Ifa. Mawu amenewo anawanena ataima mapazi awiri kuchokera pabokosi. Mmodzi mwa adzukulu anatola mpini wa khasu, anzake anachita kumugwira. Tinamuuza mkuluyo kuti abweze rota. Iye anati anaipereka kwa mnzake, ndipo mnzakeyo anali atapita pa galimoto yawo kumsika kukafuna netiweki ya foni. Anachita dala, palibe amene anakayika.

Mvula inakula. Uthenga unabwera kuchokera kumanda kuti madzi ayamba kulowa m'dzenje. Mkulu wa mpingo anati bokosi litsitsidwe, linyamulidwe pamapewa monga mwa masiku onse. Alamu anga atamva zimenezo anadzigwetsa m'matope, akulira kuti amuna awo tawanamiza.

Pamenepo ndinatulutsa pepala lija m'thumba, ndinaliwerenga mokweza. Ndinauza anthu kuti achimwene sanati galimoto idzalire, sanatinso idzathamange. Anati idzawanyamule. Mneni wake ndi kunyamula, ndipo galimoto ikhoza kunyamula munthu injini ili chete. Mkulu wa adzukulu anandiyang'ana kanthawi, kenako anavula nsapato zake.

Tinaikankha. Mwana wa mlongo wathu anagwira chiwongolero, amuna oposa khumi anaika mapewa m'mbali ndi kumbuyo, amayi akuimba patsogolo. Njira ya kumanda imadutsa m'minda ya fodya, ndipo padambo matayala anamira kawiri. Ine wa zaka zanga ndinakankha nawo, suti yanga yonse inasanduka dothi. Alendo atatu otsala aja anayesa kuikapo manja. Adzukulu anawachotsa manjawo mmodzimmodzi. Anatsatira kumbuyo kwenikweni, ndipo ngakhale pamenepo ndinamva wamfupi akunong'oneza mnzake kuti akiselo ya matayala akumbuyowo si ya 403.

Tinaika achimwene mvula ikugwa. Mbiri yawo ndinaiwerenga mwachidule, inki itayamba kusungunuka papepala. Galimoto tinaisiya m'mphepete mwa manda, pakuti panalibe amene anali ndi mphamvu zoikankhira kumtunda.

Madzulo anthu atabalalika, mnzake uja atabwerako kumsika, wa ndevu uja anabwera pakhonde naika rota pampando, itakulungidwa m'kansalu koyera. Anayamba kufotokoza za oyilo amene tiyenera kuthiramo tisanailize. Sindinamupatse mpando, sindinamuperekezenso. Galimoto yawo itachoka, pamudzi panangomveka madontho ogwa kuchokera padenga.

Alamu anga anatuluka atafunda chitenje chakuda, nakhala pamphasa pafupi ndi chitseko. Ndinawauza kuti mtima wawo ukhale pansi, pakuti mawu a malemu tawakwaniritsa monga momwe anawanenera. Anatenga rota ija, anaiyang'ana nthawi yaitali, naimanga pansonga ya chitenje chawo.

"Mawuwo munawamva bwino, alamu," anatero. "Koma iwo ankafuna kuti anthu aimve ikulira."

Tinakhala pakhondepo mpaka kunada.