Chipinda Chopanda Zenera cha a Howard Zuze

Ndikadzamvanso munthu akunena kuti alamu anga a Howard Zuze adazungulira mutu, ndidzamugwira pakhosi. Ndanena kale padepoti, ndanena kumsika wa nsomba, tsopano ndikulemba kuti amene sadandimve awerenge. Ine ndine Lazaro, woitanira maminibasi pa boma la Nsanje. Sukulu ndidalekezera Sitandade 4, zinazi ndidadziphunzitsa ndekha pa nyuzipepala zokulungira mandasi. A Howard adakwatira achemwali anga a Estere, ndiye kuwatukwana ndi ntchito yanga ine, osati ya munthu wapanjira.

Bamboyu adagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri ku Kapichira, pansi penipeni pamene makina opukusa magetsi amazungulira. Ntchito yawo inali kumvetsera. Ankayenda ndi sikuludiraiva yaitali ya chigwiriro chamtengo, nsonga n'kugunditsa pa chitsulo cha makina, chigwiriro n'kutsamiritsa pafupa la kuseri kwa khutu. Akatero ankadziwa kuti bering'i yakuti yatopa, anzawo asadaone chilichonse pa mamita. Zotseka m'makutu ankapatsidwa ndithu, koma iwo ankazikoleka m'khosi ngati mkanda. Amvekere munthu sungamve matenda a makina utatseka makutu.

Atapuma pantchito adabwerera kwathu kwa Malemia. Anzawo opuma amagula ngolo, ena chigayo, ena bwato la injini. A Howard adamanga chipinda chomvereramo nyimbo.

Chimene ankafuna chinali chimodzi. Ali ndi kaseti yakale yomwe wina adajambula pa ukwati mu 1989, anthu atatu akuimba ulimba, choimbira chija cha mitengo yoyalidwa pa zipanda. Wachitatuyo, amene ankamenya mbali ya mitengo ikuluikulu yolira pansi, anali malemu bambo awo. Chithunzi cha mkuluyo palibe, manda adakokoloka ndi madzi, chatsala ndi manja awo pa kasetiyo basi. A Howard ankafuna kukhala pampando n'kumva manjawo bwinobwino, ngati mmene ankawamvera ali mwana atakhala pansi pafupi ndi zipanda za ulimba.

Chipindacho adachikweza masitepe anayi chifukwa cha madzi osefukira. Zipupa njerwa ziwiriziwiri, pakati mchenga. Zenera ayi. Mmisiri wake Maclean adafunsa katatu.

“Bwana, kuno ndi ku Nsanje. Popanda windo muphikamo nyemba?”

“Windo imalowetsa atambala,” adatero a Howard. “Manga.”

M'kati adakhoma mphasa za bango kuzungulira konse, kudenga matileyi a mazira, pansi chiguduli. Mwana wawo Jacqueline, amene ali ku Joni, adatumiza ampulifaya yolemera ngati thumba la simenti, ya timababu toyaka mofiirira m'kati. Masipika awiri adafika pa lole, aatali kufika pachifuwa panga. Mpando adauika umodzi wokha, pamalo pamene adayeza ndi chingwe n'kulembapo mtanda ndi choko. Anthu adayamba zawo zija, akuti chipinda chopanda zenera ndi cha zizimba, mkuluyu akufuna kukhwima. Wina adanena zimenezi ine ndili pompo, pa sitolo ya Goodwell. Sindilemba zomwe ndidamuuza, koma sadabwerezenso.

Tsiku lotsegulira adandikhazika ine pampandopo. Adayamba ndi mbale ya rumba yakale. Abale, ine ndakulira pa zimkuzamawu za padepoti, ndimaona ngati nyimbo ndi chinthu chimene chimakumenya pachifuwa. Umo ayi. Woimba gitala adaima kumanzere kwanga, wang'oma kumbuyo pang'ono, ndipo ndidamva munthu akukoka mpweya asadayambe kuimba. Ndidatembenuka kuyang'ana ngati walowa wina.

Kenako adaika kaseti ya ulimba, ine ndidanyamuka, adakhalapo eni ake. Sipadathe ndi mphindi ziwiri, nkhope idakwinyika.

“Mukuimva, alamu?”

“Chiyani?”

“Hamu.”

Hamu, m'chilankhulo chawo cha kuntchito, ndi kulira kwapansipansi kuja kwa wuuu kumene magetsi amachita akalowa posayenera. Adati yakhala ndendende pamene pali mitengo ikuluikulu, pa manja a bambo awo. Awiri enawo akumveka, koma mkuluyo wakwiririka. Ine ndidatchera khutu mpaka thukuta. Ndinkamva ulimba wonse mbee, mbali yapansiyo ikugunda bwino kwambiri. Hamu sindidaimve. Koma munthu wamvetsera makina zaka zonsezo, ine woitanira ndingatsutse chiyani? Ndidati, “Mwina ikumveka pang'ono.” Bodza limenelo ndi langa, ndipo lidatidyera chaka ndi theka.

Kuyambira pamenepo a Howard sadakhalenso pansi. Adasintha mawaya onse. Adakumba dzenje kuseri, n'kukwiriramo chitsulo cha efi, chothawitsira magetsi osokera m'nthaka, pamodzi ndi makala ndi mchere, m'mawa uliwonse ankachithirira ngati mbande ya fodya. Hamu ili pompo. Adati ndi mphasa, adazikanganula, adakhoma mikeka. Adati ndi mikeka, adabwezera mphasa. Masipika adayenda chipinda chonse, lero chala chimodzi kutsogolo, mawa zala ziwiri kumbuyo, pansi padadzaza mitanda ya choko ngati manda a nkhuku. Adagula mabatire ndi sola kuti asiyane ndi magetsi a pamtengo. Fani adaitulutsa kuti ikusokosa, ndiye mu Okutobala ankakhalamo atavula malaya, thaulo lonyowa pamutu, timababu tija tikuwonjezera moto. Amatuluka ngati mlamba wouvuula kumene.

Maclean adatopa nawo. Ulendo wachisanu womuitana kudzaphwasula denga adandipatula pambali.

“A Lazaro, ine mulibe chomwe ndikumvamo umu.”

“Iwe khoma misomali. Unalembedwa ntchito ya makutu?”

Ndidamukalipira, koma usana womwewo ndidaona chinthu. Achemwali adawaitana kuchokera pakhonde kuti madzi osamba apsa. Adaitana katatu, mkulu ali chapafupi pomwepa akupala waya, osatembenuka. Achemwali adandiyang'ana, ine ndidayang'ana nkhuku.

“Waona?” adatero motsitsa. “Chaka chino chonse ndi choncho. Wailesi akweza mpaka aneba adandaula. Ku tchalitchi amayankha ameni anzawo atakhala kale pansi.”

“Bwanji osawauza?”

“Ndiwauze kuti makutu atha? Munthu amene makutuwo ndiye anali ntchito yake? Uwauze iwe, pakamwa pako m'posatseka kale.”

Sindidawauze. Ine amene ndimatha kuimitsa dalaivala pakati pamsewu n'kumuwerengera machimo a mtundu wake wonse, ndidaopa. Ndinkapita Loweruka lililonse, kukhala pansi m'ng'anjo muja, kugwedeza mutu akati hamu lero yachepako.

Chidandiphulitsa ndi nsomba. Achemwali amagula makakana ndi mphende kwa asodzi a ku Shire, n'kusunga mufiliji yaikulu kuti azigulitsa Lolemba. A Howard adaganiza kuti hamu ikuchokera mu injini ya filijiyo, ikudutsa pansi pa nthaka. Lachisanu adaizimitsa osauza munthu, kuti ayese, kenako n'kuiwala. Achemwali anali ku maliro kwa Tengani masiku awiri. Nditafika Lamlungu masana, fungo lidandilonjera ndili kumsewu. Ndidawapeza achemwali atakhala pa mtondo, beseni la nsomba zofufuma patsogolo, ntchentche zili ng'waa. Sankalira, ankangoingitsa ntchentchezo. Zikadakhala bwino akadatukwana.

Ndidakwera masitepe anayi aja ngati limodzi. M'kati a Howard anali pampando wawo, msana kuchitseko, kaseti itangotha kumene. Sadandimve ndikulowa. Pakhoma pafupi ndi chitseko pali swichi yaikulu imene imadula zonse, sola ndi mabatire omwe. Ndidaigwetsa. Timababu tija tidazilala kumbuyo kwawo, iwo maso ali chitsekere. Filiji yozima kale. M'chipindamo mudalibe waya ndi mmodzi yemwe wamoyo.

Ndidaima kutsogolo kwawo n'kukweza mawu. “Alamu, ilipo?”

Adatsegula maso. “Mwabwera? Ilipo. Lero ndiye yanyanya. Ndikuganiza kuti ndi thiransifoma ya m'kati mwa ampulifaya, mawa nditsegula.”

“Tatembenukani muone ampulifaya yanuyo.”

Adatembenuka. Adayang'ana timababu tozima, adayang'ana swichi, adayang'ana ine. Kuwala kunkangolowera pachitseko chomwe ndidasiya chotsegula.

“Ndazimitsa zonse,” ndidatero. “Mulibe magetsi muno. Hamu yanuyo ili m'mutu mwanu, mudabwera nayo kuchokera ku Kapichira. Ine sindidaimvepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndinkakunamizani. Maclean sadaimve. Achemwali amakuitanani katatu inu osayankha, ndipo pano akhala panja ndi nsomba zowola chifukwa cha hamu yomwe kulibe. Makutu anu akutha, alamu. Mukhoza kugwetsa nyumba yonseyi, ipita nanu kulikonse.”

Ndikakwiya ndimalankhula zambiri, ndipo ndidawonjezera zina zosafunika, za thaulo pamutu ndi zakuti anthu akutiseka. Iwo adakweza dzanja n'kutseka khutu lamanzere, kenako lamanja, kenako onse awiri. Adakhala choncho nthawi yaitali. Atachotsa manja adalankhula mwaulemu woopsa, ulemu umene sadandipatsepo chikwatirire mlongo wanga.

“Bambo Lazaro, tulukani m'nyumba mwanga.”

Ndidatuluka. Ndidathandiza achemwali kukwirira nsomba kuseri kwa khola, pafupi ndi chitsulo cha efi chija.

Masabata atatu sindidapondeko. Padepoti ndinkakangana ndi aliyense, mpaka ndidakweza mayi wina wopita ku Bangula m'minibasi ya ku Marka. Ndinkamva kwa achemwali kuti chipinda n'chokhoma, mkulu amangozungulira bwalo, kukhala pansi pa mtengo wa mango, kunyamuka, kukayang'ana mbuzi, kubwerera. Filiji adaiyatsa okha. Kupepesa adapepesa, koma chakudya ankangotola. Ndidayamba kuganiza kuti ndawalanda chinthu chokhacho chimene chinkawadzutsa m'mawa, chifukwa munthu wosaka hamu ali ndi ntchito, koma wongodziwa kuti akugontha ali ndi chiyani?

Loweruka lachinayi foni idalira ndili pakati poitanira. Anali iwo, akukuwa ngati ali kutsidya la Shire, monga amachitira anthu osadzimva.

“Alamu, bwerani. Musadye kaye, mudzadya kuno.”

Ndidapeza chitseko cha chipinda chili chotsegula, fani ikuzungulira pakona. Mpando adauchotsa pa mtanda wake uja n'kuukokera pafupi ndi sipika yakumanja. Pamiyendo pawo panali sikuludiraiva ija ya ku Kapichira, chigwiriro chake chakuda ndi thukuta la zaka zambiri.

“Khalani apo. Musalankhule, ngati n'zotheka kwa inu.”

Adaika kaseti. Ulimba utayamba, adagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa thabwa la sipika, cham'munsi, chigwiriro n'kutsamiritsa pafupa la kuseri kwa khutu, monga ankachitira ndi makina. Adasuntha nsonga pang'ono, adasunthanso, kenako adaima. Phazi lawo lidayamba kugunda pansi. Silinkatsata awiri apamwamba aja, linkatsata mitengo ikuluikulu.

“Awo,” adatero. “Mukumva pamene akuchedwa dala apo? Ankatero akafuna kuti ovina asokonezeke. Awo, achitanso.”

Nyimbo idatha, adabweza tepi, adamvetseranso. Kachitatu adandipatsa ine. Chigwiriro chitakhudza fupa, ulimba udalowa m'mutu monse, mano adachita kunjenjemera. Ndidawabwezera msanga.

“Nanga hamu?” ndidafunsa.

“Ilipo. Koma mkuluyu akumenya kuiposa.” Adapukuta chigwiriro ndi malaya. “Jacqueline wandipezera tsiku kuchipatala cha makutu ku Blantyre. Mundiperekeza inu, popeza ndinu dokotala amene mudatulukira matendawa.”

“Ndikakukwezani pampando wakutsogolo.”

“Ndipo munanama chaka ndi theka. Chimenecho sindidaiwale.”

“Inunso munaoletsa nsomba.”

Achemwali adasuzumira pachitseko n'kunena kuti ngati tatha kuwerengerana milandu, mpunga ukuzizira. A Howard sadamve. Ndidawagwira paphewa n'kuloza, adanyamuka.

Ku Blantyre tidapita, adawapatsa kachipangizo kovala m'khutu. Amakavala ku tchalitchi ndi pocheza, koma akalowa m'chipinda muja amakavula, amati kamapangitsa gitala kulira ngati chitini. Maclean adabwera kudzaboola zenera, ndipo adaseka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mipando tsopano ilimo itatu. Achemwali amalowa Lamlungu masana kudzamvera makwaya, n'kugona pa nyimbo yachiwiri.

Musaganize kuti mkuluyu wakhazikika. Sabata yatha adandituma kwa amisiri a mipini kuti ndikafunse ngati chigwiriro cha mtengo wa tsanya chingapose chakalechi. Ayesa kale mlombwa, akuti ukumeza mawu apansi. Dzulo ndawapeza ndi zigwiriro zinayi atazindandalika pa chiguduli, chilichonse chili ndi nambala yake ya choko, ndipo akufuna ndikhale pompo Loweruka kuti tiziyese chimodzichimodzi.