Mkeka umene ndinaukana ku Lifidzi

Chaka chimene ndinapeza mwayi wokaphunzira za ulimi kunja, kwathu ku Dedza anandiseka mpaka nthiti kuwawa. Ena amapita kunja pa ndege, koma ine kunja kwanga kunali ku Ulongwe, kutsidya kwa malire, kumene ogula mbatata amapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Komabe pa Kalomwe anandidindira pasipoti, makwacha anga anasanduka mametikali, ndipo ndinakwera shapa, minibasi ya kumeneko, ndikudzimva ngati munthu wopita kutali zedi.

Bambo okha ndiwo sanaseke. Iwo anabadwira m'mudzi wina kuseri kwa Lifidzi, kufupi ndi Ulongwe komweko. Anathawa nkhondo ali mnyamata, n'kukwatira ku Dedza, ndipo anzawo atabwerera iwo anatsala. Amayi awo atamwalira uthenga unafika mochedwa, sanapite, ndipo manyazi a maliro amenewo anawatsekera njira zaka zonsezi. Kumeneko kunatsala mlongo wawo mmodzi. Tsiku lonyamuka anandiuza kuti, "Ukapeza mpata ukaone ngati azakhali ako ali moyo. Ine miyendoyi yakana."

Ndinavomera, koma mtima unali pa zina. Ulongwe anandikomera. Zikwangwani zonse zinali m'Chipwitikizi, buledi wake anali wofewa m'kati, wokhuthala kunja, ndipo sukulu ankati shikola. Chondikwiyitsa chinali chimodzi: munthu akati "bon diya" ankapitiriza m'Chichewa chomwechi cha kwathu, ngakhale iwo amati Chinyanja. Ine ndinabwera kudzakhala mlendo, osati mwana wa pakhomo. Mwamwayi mnzanga wa m'chipinda anali mtsikana wa ku Beira, wosamva Chinyanja n'komwe, amene ankanjenjemera ndi chisanu chathu ngati mwanapiye. Loweruka lililonse tinkavala magalasi a dzuwa n'kupita kukaona malo, tikuyankhula Chipwitikizi, changa chili chothyokathyoka.

Loweruka lina tinapita ku Lifidzi. Tchalitchi cha pamishoni chinandidabwitsa, chachikulu chotero pakati pa minda ya chimanga ndi nyemba. Ndinachijambula kumaso, kumbali, kumbuyo. Ndinajambula mapiri, mitengo ya bulugama, ngakhale ngolo ya ng'ombe, ngati kuti ku Dedza kulibe ngolo. Titatopa m'pamene ndinakumbukira mawu a bambo, ndipo tinatsata kanjira kopita kumudzi umene anautchula.

Tinapeza amayi anayi akupuntha nyemba pabwalo. Atationa anasiya, mmodzi n'kutiyalira mkeka pamthunzi. Ine ndinayang'ana nthawi pafoni, ndinati shapa itisiya. Ndili chiimire, magalasi ali m'maso, ndinafunsa m'Chipwitikizi ngati akudziwa mayi wa dzina lakutilakuti. Anayang'anana. Wamkulu pa onsewo anatola ndodo yake n'kunena mwachidule, "Kuno kulibe." Ndinathokoza, ndinajambula mulu wa nyemba uja chifukwa unali wokongola, tinabwerera. Kunena zoona, mumtima ndinapepukidwa kuti ntchito ndagwira.

Patchuthi ndinawaonetsa bambo zithunzi. Tchalitchi anangochidumpha, mapirinso chimodzimodzi. Nditawafotokozera za kumudzi kuja anandifunsa:

"Anakuyalira mkeka?"

"Inde, koma tinali pachangu."

"Ndiye sunakhale. Malonje sunapereke."

"Ayi."

"Mwana wanga, kwathu kuja munthu woimirira, wofunsa dzina la munthu m'Chipwitikizi, sauzidwa kanthu. Nthawi ya nkhondo, ofunsa motero ankabwera kudzatenga anthu."

Ndinachita manyazi kwambiri. Anandiuza kuti ndikulitse chithunzi cha nyemba chija. M'mphepete mwake munalowa mayi wamkulu uja, atawerama, ndodo ili m'dzanja lamanzere. Bambo anayandikitsa foni kumaso. "Wamanzere ngati amayi," anatero.

Sukulu itatsegulidwa ndinapitako ndekha. Magalasi ndinasiya, ndinavala chitenje. Nyemba zinali zitatha, anthu akusosa m'minda, ndipo mayi uja ndinawapeza pakhonde akusankha mbewu m'lichero. Ndinaodira. Mkeka utayalidwa ndinakhala, madzi atabwera ndinamwa. Kenako ndinayamba malonje kuchokera pachiyambi: kumene ndachokera, mmene ndayendera, mmene ndawasiyira a kunyumba, mwana wa yani, mfunda wathu, dzina la agogo. Anamvetsera osandidula, manja ali m'lichero.

"Ndiwe wa magalasi uja," anatero pomaliza. "Ndinaona mphumiyo kuti njathu. Koma ukanakhala pansi."

Sanalire, ndipo ine ndinaopa kulira ndekha. Anandifunsa za miyendo ya bambo, ana angati, ngati akadali wokonda tsabola. Anandizungulitsa pamudzi: apa panali nyumba imene atate ako anabadwiramo, mtengo wa mapichesi uwu anagwamo n'kuthyoka dzino, chitsime chija chinauma. M'maulendo anga onse oona malo, palibe tsiku limene ndinaona zambiri ngati limenelo, ndipo foni sinatuluke m'chikwama.

Pondiperekeza anandimangira nyemba zambewu pakansalu. Tinayenda mpaka pamphambano, pamene kanjira kena kamalowera kumsitu wa kumanda. Anaima, n'kuloza ndi dzanja lawo lamanzere lija.

"Ukawauze achimwene kuti manda a amayi ndimalambula ndekha chaka ndi chaka. Sindinakwiye. Koma khasu lachiwiri lilipo."

Ndinawauza bambo mawuwo monga mmene ndinawamvera, osachotsa kapena kuwonjezera. Anamasula kansalu kaja, anapukusa nyembazo m'manja, anazimanganso. Ndinkaganiza kuti ayamba za miyendo. M'malo mwake anandifunsa kuti kuchokera pamene shapa imatsitsa anthu kukafika kumudzi, munthu woyenda pang'onopang'ono angapume kangati.