Chogwirira cha Mkuwa pa Lole ya Bambo

Ndinadzuka kusanache, khosi likuwawa chifukwa ndinagona chokhala pamasitepe. Nyumba yathu ya ku Lozells, kuno kudziko la azungu, ndi yopanikiza. Amayi a mvano anachezera kuimba pabalaza, azibambo akuwodzera m'magalimoto mwawo pamsewu. Kuseri, pansi pa tenti, mbaula za gasi zinali zitayaka kale, azimayi akudula nkhuku ndi anyezi. Kunkawaza kamvula kaja ka kuno, kolowa mpaka m'mafupa.

Bambo anga anali makanika wa mabasi. Atapuma pantchito, mtima wawo wonse unapita pa lole ya asilikali ya nthawi ya nkhondo yachiwiri, yofanana ndi imene agogo ankayendetsa ali msilikali. Anaigula ili dzimbiri lokhalokha, n'kumaikonza Loweruka lililonse kugalaja ya mnzawo, mzungu wachikulire wa ku Dudley amene naye ali ndi yake. Asanamwalire ananeneratu kuti kumanda adzapite pa lole imeneyo.

Malole amenewa ukawaonera patali ndi amodzimodzi. Koma ine mwana woyamba bambo anandiphunzitsa kuwasiyanitsa, ndifune ndisafune. Oyambirira anali ndi madigadi ozungulira, nyali ziwiri kutsogolo, ndi zogwirira zitseko za mkuwa, zopindika. Nkhondo itafika povuta mkuwa unapita ku zipolopolo, ndiye anayamba kuika zachitsulo, zowongoka. Ya bambo inali yoyambirira. Chogwirira cha mkuwa cha kwa dalaivala anachisaka zaka zambiri, ndipo okonda zinthu zoterezi amachilimbirana.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena kuchokera ku Coventry, ena ku Leeds, ndi anzathu a ku Zambia opemphera nawo. Ndinkawalandira koma maso ali tcheru. Pamaliro ndimapadziwa ine, pali anthu amene diso limodzi limalira, lina likuyang'ana katundu.

Kenako lole inatulukira pakona, mzungu uja ali pachiwongolero, atavala suti yomukulira. Aneba anatuluka ndi mafoni. Iye anatsika, n'kutseka chitseko, ndipo pomwepo maso anga anagwera pachitsekopo. Chogwirira chinali chachitsulo, chowongoka. Ndinaizungulira lole yonse ngati ndikuyang'ana poika nkhata. Madigadi anali omwewo, nyali zomwezo, chogwirira cha mbali inayo chamkuwa bwinobwino. Chosowa chinali chimodzi, cha bambo chija.

Ndinapsa mtima moti kutchalitchi ulaliki sindinaumve. Ndinkangoyang'ana kunkhongo kwa munthu uja, atawerama, akupukuta mphuno. Ndinati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bambo sanalowe n'komwe m'manda, iye wayamba kale kugulula. Nanga mawa, lole ikabwerera kugalaja yake, adzatsala chiyani?

Bokosi analikweza kumbuyo, azichimwene anga awiri atakhala m'mbali. Tinayenda pang'onopang'ono, magalimoto ali m'mbuyo mzere wautali, nyali zoyaka. Pabasi sitopu ina nkhalamba inavula chipewa. Kumanda mvula inakula, nyimbo zikumveka pansi pa maambulera.

Titathira dothi, anthu akubwerera kumagalimoto, ndinamupeza mzungu uja ataima pafupi ndi lole. Ndinamufunsa m'Chingerezi, mosatsitsa mawu, kuti chogwirira cha bambo chili kuti. Nkhope yake inafiira. Anayang'ana kumene kunali mayi, atazunguliridwa ndi azimayi, kenako anayang'ana pansi. Anangoti pepani. Ine ndinati wavomera. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse makiyi, ndipo anapereka anthu akuona. Msuweni wanga woyendetsa mathiraki ndiye anaitenga lole kukaisunga kuyadi ina ku Aston.

Madzulo anthu atabalalika, mipando yobwereka itasanjidwa m'khonde, ndinakwera kuchipinda kwa mayi. Anali atakhala pabedi, duku lili m'manja. Ndinawafotokozera zonse, ndipo kunena zoona ndinkayembekeza kuti andiyamikira.



"Iwe, chogwirira chija chili m'thumba la jekete la bambo ako," anatero. "Ndine ndinawapempha bambo a ku Dudley aja achotse. Dzanja la bambo ako linachisalaza chimene chija, ndimafuna apite nacho. Ndinawauza asauze munthu, a mpingo akanati ndaika zizimba m'bokosi. Chachitsulocho agulula pa lole yawo kuti door itseguke lero."

M'nyumba munali zii, kumangomveka madzi akudontha pa tenti kuseri. Manyazi anandigwira, ndinakhala pansi pakapeti.

"Nanga poti lole mwawalanda," anafunsa mayi, "ku Dudley apita bwanji ndi mvula imeneyi?"