Tsamba Lomaliza la Whiteson Mvula

Whiteson Mvula wa ku Mpanshya anapha anthu oposa makumi asanu, koma Lamlungu ankakhala pa benchi lakutsogolo m'tchalitchi popanda manyazi. Ankawaphera m'makope a ana asukulu. Ntchito yake inali yokonza njinga, ndipo njinga zikasowa ankapukuta girisi m'manja n'kuyamba kulemba: mtembo m'nkhokwe, poizoni m'chikho cha munkoyo. Kuyambira 1991 kope linkadzaza mwezi uliwonse, n'kumayenda m'manja mwa anthu mpaka ku Chinyunyu.

Chimene ankanyadira ndi tsamba lomaliza, pamene wakupha amaululika. Tsamba limodzilo ankalisula sabata yathunthu. Komabe owerenga ankabwera pamthunzi pake n'kufunsa, "Nanga wakupha ni ndani, ba Whiteson?" Iye ankangomwetulira, poganiza kuti nzeru zake zawakulira.

Anamutsegula maso ndi Bornface, mlimi wa chimanga, tsiku limene anabweza kope litawonda.

"Pepa lanu ni labwino maningi," anatero Bornface. "Limayaka pang'onopang'ono, osati monga nyuzipepa."

Kani amuna ankang'amba masamba kuyambira kumbuyo, kupichirira fodya! Zaka zisanu zonsezo palibe amene anawerengapo mapeto ake. Zinamuwawa Whiteson, ndipo anataya cholembera. Miyezi itatu ankangokhala ndwii pakhonde, mpaka mkazi wake Rosina anatopa naye.

"Lembani, atate ake Dolly. Mukundiyang'ana monga ndine wotsatira kuphedwa."

Analembadi kope lina, koma analibisa m'sutikesi. Kenaka Bornface anagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa, masisitere n'kumulanda fodya ndi machesi omwe. Whiteson atamva sananene n'komwe kuti pepani. Anathamangira kuwodi ndi kope lija, namusiyira wodwalayo pamtsamiro.

Anabwerako patatha masiku atatu, mtima uli m'mwamba. Kope linali lathunthu, lonenepa ngati tsiku limene linachoka kunyumba.

"Nafika mpaka kotsiriza," anatero Bornface akutsokomola. "Koma mwalakwitsa, ba Whiteson. Uja mphunzitsi sangaphe munthu. Wakupha ni mlamu wake."

Anakangana mokweza, odwala ena n'kulowererapo, mpaka sisitere anabwera kudzamutulutsa mlembiyo ngati mbuzi yolowa m'munda. Panja Whiteson anagwira njinga yake osakwera. Ankaseka yekha, misozi ikutsikira m'ndevu, chifukwa munthu wina anali atawerenga tsamba lake lomaliza n'kulikana.