Dikoda Yakale ya bai Stoil

Zingwe zonse za kanema zimene zikulendewera pakati pa nyumba zosanja za kuno kwathu anazimanga ndi bai Stoil Karamfilov (kuno bambo wachikulire timamutchula kuti bai pomulemekeza). Ine ndine Tsonka, ndakhala moyang'anizana nawo khomo pansanja yachinayi kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndiye ndikanena kuti bambo ameneyu ndi wouma mutu, musandifunse umboni.

Chikomyunizimu chitagwa, fakitale yathu ya mabatire inatsekedwa, aliyense n'kuyamba kugwira chimene chamuyandikira. Ena anapita ku Spain kukathyola malalanje a eni. A Stoil ndi anzawo awiri anakweza mbale yaikulu yokokera kanema padenga la nyumba yathu, n'kuyamba kukoka chingwe khomo ndi khomo. Ife amene tinakula ndi matchanelo awiri, onse olankhula za zokolola, tinangodzuka tsiku lina tili nawo khumi ndi awiri. Wopanda ndalama ankapereka botolo la rakiya, kachasu wa kwathu kuno, kapena tsabola wa m'mabotolo, iwo n'kulandira. M'chisanu cha 1998 anaterereka padenga n'kuthyoka chiuno, mpaka lero amayenda chotsimphina. Kenaka kakampani kawo kanagulidwa ndi ena a mumzinda, iwonso n'kugulidwa ndi ena a ku Sofia amene sitinawaonepo nkhope. A Stoil anawapumitsa ntchito powapatsa kalendala ya pakhoma.

Akazi awo, a Gergina, anali ophika kusukulu ya mkaka, munthu wa tchalitchi, komanso woimba mukwaya ya opuma pantchito. A Stoil za tchalitchi ayi. Ankawaperekeza mpaka pageti, n'kutsala panja akusuta, ndipo wansembe ankamutchula kuti wogulitsa makandulo.

Chaka china tchanelo ya m'tauni mwathu muno, ija inkaonetsa mauthenga a maliro ndi mitengo ya nkhuni, inajambula kwayayo ikuimba kuholo. Pakati pa nyimbo a Gergina anaimba okha ndime imodzi, atavala malaya opeta a mayi awo. A Stoil anadina batani lofiira parimoti, dikoda n'kusunga. Zonse pamodzi zinali mphindi zinayi. Tchaneloyo inatsekedwa chaka chotsatira, ndipo matepi ake kaya anawatayira kuti.

Patapita zaka ziwiri a Gergina anagwa m'khitchini ndi sitiroko. Anadzuka, koma mawu sanabwererenso. Kuyambira pamenepo mawu awo anatsala malo amodzi okha padziko lino, m'kabokosi kakuda kaja pansi pa TV. Lamulungu lililonse akatha kudya, a Stoil ankawakankhira pampando wamatayala pafupi ndi galasi n'kuwaikira nyimboyo. Ine ndinkaimva kudzera m'khoma. Mwana wawo Rumyana, amene amasamalira nkhalamba za eni ku Valencia, ankati akadzabwera adzaijambula pafoni, koma akabwera ankatanganidwa ndi madokotala. Inenso foni yojambula ndili nayo, ndipo sindinaganizepo.

A Gergina anamwalira pa 28 Sepitembala. Tsiku lomwelo a Stoil anatenga nsalu zoyala pabedi n'kuphimba kalilole wa m'khonde, wa kubafa, magalasi a kabati, ndi TV pamodzi ndi dikoda yake. Pawindo anaika kapu ya madzi oti mzimu wa malemu uzimwa. Ndinadabwa, poti munthuyo ndi uja wa pageti.

"Anandilumbiritsa akadali wolankhula," anandiuza. "Anati, iwe Stoil, ndikudziwa sukhulupirira kanthu, koma masiku makumi anayi udzandisungire. Ndisadzadzione pagalasi n'kukanirira m'nyumba muno. Ndiye ndi zimenezo."

Pasanathe milungu iwiri, m'mabokosi athu a makalata munagwa kapepala konyezimira. Mutu wake unali wakuti nkhani yabwino kwa makasitomala athu okondedwa. Nkhani yabwinoyo inali yakuti mtengo ukukwera kuchoka pa maleva khumi ndi anayi kufika pa makumi awiri ndi awiri pamwezi, ndiponso kuti pa 1 Novembala madikoda onse akale azimitsidwa, aliyense apite akatenge yatsopano. Pansi penipeni, m'tizilembo tofuna magalasi awiri, analemba kuti zimene munajambula m'dikoda yakale sizidzaonekanso. Ndinawerenga masiku pazala. Pa 1 Novembala linali tsiku la makumi atatu ndi asanu. Pankatsala masiku asanu okha.

Ndinagogoda ndili ndi pepalalo m'manja. Ndinawapeza atakhala m'khitchini, ndevu zitamera, poti wolira sameta.

"Bai Stoil, mwaiona iyi?"

"Ndaiona. Akuba. Maleva asanu ndi atatu owonjezera kuti tizionera anthu akuphika."

"Sindikunena za mtengo. Werengani pansipa. Nyimbo ya a Gergina ipita. Tiyeni tiyatse kamodzi kokha, mphindi zinayi, ine ndijambule pafoni, tiphimbenso."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Iwe Tsonka, anandiletsa kalilole wamba, ndiye ndikamuonetse nkhope yake yeniyeni ikuimba?"

"Chabwino, ndipatseni dikodayo ndikailumikize kwanga. Chingwe n'chimodzi, munachikoka nokha."

"Kanthu kake sikatuluka m'nyumba muno masiku asanakwane. Ngakhale mpango. Zimenezi ukuzidziwa kuposa ine."

Ndinkazidziwadi. Mayi anga atamwalira, mlamu wanga anatulutsa makina osokera pasabata yachiwiri, ndipo mpaka lero sitilankhulana. Komabe ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti munthu amene wakhala zaka makumi asanu akuseka wansembe asayambe lero kundiphunzitsa za mizimu. Iwo sanakwiye n'komwe.

"Mizimu kaya ilipo kaya kulibe, si nkhani yanga. Ndinalonjeza," anatero. "Ndipo usade nkhawa. Ine ntchito iyi ndinaiyamba iwe usanadziwe rimoti. Chimene chalowa m'tepi chalowa. Iwowo angathe kudula chingwe, koma dzanja lawo silingafike m'bokosi lili m'nyumba mwanga. Akungoopseza nkhalamba kuti zithamangire kukasaina."

Apa ndi pamene panagona vuto. A Stoil ankadziwa waya, ankadziwa tepi, ankatha kukonza TV yachirasha ndi mpeni wa patebulo. Koma kabokosi aka sanakamvetse, ndipo kunyada kwa mmisiri sikunawalole kuvomera.

Ndinawakakamiza kuti tipite limodzi kuofesi ya kampaniyo, pafupi ndi msika. Mzere unali mpaka panja, nkhalamba zokhazokha, aliyense atakumbatira dikoda yake m'jumbo. Titafika kutsogolo tinapeza mtsikana wa zikhadabo zazitali, maso ofiira ndi kutopa. A Stoil anavula chipewa.

"Mwana wanga, ndikupempha sabata imodzi. Nambala yanga muizimitse pa seveni, osati pa wani. Ndalama ya mwezi wonse ndipereka, pamtengo watsopanowo."

"Agogo, si ine ndimazimitsa. Amazimitsa ku Sofia, onse nthawi imodzi."

"Ndiye aimbireni. Auzeni kuti ndi Karamfilov, amene anakoka chingwe choyamba m'tauni muno."

"Ndiwaimbira ndani, agogo? Inenso ndikaimba amandiyankha ndi makina." Anatsitsa mawu. "Zojambulazo zimakhala zokhoma. Chotsegulira chimabwera kudzera pachingwe. Akachichotsa, basi. Jambulani pafoni lero lomwe, ndi zimene ndikuuza aliyense."

Tili panjira a Stoil anangoti, "Kamwana kaja sikanagwirepo sikuludiraiva." Ndinafuna kuwamenya ndi chikwama, Mulungu andikhululukire.

Ndinaimbira Rumyana. Analira pafoni, anawaimbira bambo ake, iwo n'kumuuza kuti akhale chete, asamale ntchito, adzabwere pa tsiku la makumi anayi adzaonere limodzi. Kenaka anandiimbiranso ine.

"Azakhali, kiyi muli naye. Bambo amapita kumanda m'mawa uliwonse. Lowani, sadzadziwa."

Kiyi ndinali nayedi, kuyambira nthawi ya matenda. Ndipo m'mawa uliwonse a Stoil ankakwera basi ya eyiti koloko atanyamula botolo la madzi ndi la vinyo, kukathira pamanda, n'kubwera cha m'ma leveni. Ndinauza Rumyana kuti ndiona. Ndinaona kwa milungu iwiri yathunthu. Tsiku lililonse ndinkamva chitseko chawo chikutsekedwa, mwendo wotsimphina uja ukutsika masitepe, ine n'kudziuza kuti mawa. Paja amati pakadafunda padajiwitsa galu.

Pa 31 Okutobala ndinalowa. Dzuwa linali likuwala bwinobwino, ana akusewera pansi pabwalo. M'nyumbamo munkanunkha kandulo ndi mankhwala. Mpando wamatayala unali pomwe paja, moyang'ana TV, juzi ya a Gergina itakoloweka kumbuyo kwake. Kapu ya pawindo madzi anali atatsika theka. Ndikudziwa kuti madzi amauma okha, ndinapita kusukulu ine. Ndinatulutsa foni, ndinapeza rimoti, ndinagwira ngodya ya nsalu n'kuikweza pang'ono mpaka ndinaona kanyali kofiira ka dikoda. Ndinaganiza za mnzanga Gergina amene ndinamusambitsa ndi manja angawa, kuti mwina wakhala pampandopo, ndipo ine ndikufuna kumumangirira m'nyumba ya pansanja yachinayi mpaka kalekale chifukwa cha nyimbo. Ndinaopa, ndinene chilungamo. Ndinabweza nsaluyo, ndinaisalaza, ndinakhoma chitseko. Rumyana ndinamuuza kuti kiyi anakana kutsegula.

Tsiku la makumi anayi tinapita kumanda. Wansembe anawerenga, tinasalaza dothi, tinagawa tirigu wowiritsa ndi buledi kwa aliyense wodutsa. A Stoil anali atameta ndevu, atavala jekete la paukwati wa mwana wawo. Titabwerera kunyumba, tinalipo anthu ngati khumi, ambiri a kukwaya. Iwo anayamba kuchotsa nsalu imodziimodzi, kuipinda bwinobwino, n'kumalizira ya pa TV.

"Wapita bwino tsopano," anatero. "Khalani pansi mumumve."

Anayatsa. Pagalasi panabwera mtundu wabuluu ndi mawu akuti chipangizo ichi sichikugwiranso ntchito, pitani kuofesi yathu yapafupi. Anadina batani la zojambulidwa. Mndandanda unabwera, dzina limene analemba okha lilipo, GERGINA KWAYA, ndi mphindi zake zinayi. Anadina. Galasi linada, kenaka mawu aja anabwereranso. Anazimitsa, anazula pulagi, anadikira, analumikizanso. Anasolola chingwe n'kuchiuzira. Anachita zimenezi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, atagwada pansi ndi chiuno chawo chija, ife tili ndi mbale za tirigu pamiyendo. Mayi wina wa kukwaya anayamba kuimba ndime ija motsitsa kuti athandize, Rumyana n'kumugwira pamkono kuti asiye.

Mawa lake anatsegula dikodayo ndi sikuludiraiva n'kutulutsa kachitsulo kosungira zinthu. Rumyana anakatengera kwa katswiri wa makompyuta ku Pleven. Katswiriyo anati zonse zilimo, palibe chafufutika, koma n'zokhoma, ndipo palibe amene angazitsegule, ngakhale eni kampaniwo. Rumyana anabwerera ku Valencia Lachisanu. Dikoda yatsopano a Stoil sanakatenge. Kampani inawalembera kuti yakaleyo ndi katundu wake, aibweze, ndipo anaibweza ili zidutswa m'jumbo, kupatula kachitsulo kaja.

Chisanu chinalowa. Ndinkawapititsira msuzi wa nyemba masana, iwo n'kumadya pang'ono kuti ndisalankhule. Anasiya kutsutsana nane, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa mwano wawo wakale. Tsiku lina mu Disembala ndinawapeza atakhala patebulo, manja ali pamaondo, mbale ya dzulo isanakhudzidwe.

"Ndayamba kuiwala," anatero osandiyang'ana. "Nkhope ndili nayo, zithunzi zilipo. Koma mawu. Ndikayesa kuwakumbuka ndikumva a Rumyana."

Ndinayamba kutsuka mbale ina imene inali yotsuka kale.

"Ine sindikanatha, Tsonka. Ndinalumbira. Koma iwe sunalumbire kanthu." Anakankhira mbale ya dzulo ija pambali. "Masiku onse aja ndinkachoka eyiti koloko, ndinkabwera leveni. Basi yobwerera ya hafu naini ndinkaisiya dala ipite, n'kukhala pabenchi pamphepo. Rimoti ndinkaisiya patebulo, poonekera. Ndinkati mkazi uja ndi wamakani, samva za munthu, kiyi ali naye."

Madzi a pampopi ankangotsikira m'manja mwanga.

"Rumyana akuti kiyi anakana," anatero. "Loko ameneyu ndinaika ndekha. Sanakanepo."