Mwanabibi ndi Moto wa M'dambo la Chilwa

Mwanabibi ankakhala kufupi ndi Kachulu, ndipo ankadula udzu wa njedza m'dambo la Chilwa n'kumaluka mikeka. Chaka china madzi a m'nyanja ataphwa, kunabwera akatswiri a m'tauni kudzaphulitsa makombola pa chikondwerero cha ufulu.

Atamva kuphulikako madzulo amenewo, Mwanabibi anadzigwetsa pansi poyesa ndi mfuti. Podzutsa mutu anaona mbalame zikuthawa mobalalika, moto wa makombola utagwera pa njedza zouma. Mwamuna wake, Che Jafali, anali komweko kogwira milamba m'matope.

"Mwandiphera amuna anga!" anakuwa Mwanabibi.

Mlamu wake, amene anali naye pamenepo, anamutseka pakamwa. "Khalani chete, alamu. A boma akamva, anena kuti mukunyoza chikondwerero, akutengani."

Mwanabibi analirira mu nsalu. Che Jafali anatulukira m'mawa, msana uli matuza okhaokha. Anapulumuka chifukwa chodzikwirira m'thope. Dambo linasanduka phulusa pamodzi ndi zisa ndi anapiye a mbalame, moti chaka chimenecho Mwanabibi sanalukenso mkeka.

Mpaka kukalamba, munthu akamufunsa chimene chinayatsa motowo, ankayang'ana uku ndi uku n'kuyankha kuti, "Kaya, ine sindinaone."