Tsiku Limene Tinagwada pa Kireshi

Mwana wanga wamkazi anadwala poliyo ali ndi zaka ziwiri, miyendo n'kufota. Ankayenda ndi maondo, atamangamo zidutswa za tayala zimene abambo ake anamudulira. Tinkakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni ku Mamelodi, kunja kwa Malawi. Ndikamapita pasitima kukachapa kwa azungu, ndinkamusiyira buledi ndi madzi n'kumukhomera m'katimo. Zinkandipweteka tsiku lililonse, sindinama.

Patchalitchi china panali kireshi, kasukulu ka ana aang'ono a ife osauka. Anzanga ankati ndisadzivute, olumala sawalandira. Koma ine makani ndinabadwa nawo. M'mawa wina ndinamuveka diresi lalitali, kumubereka, ulendo.

Pakhomo ndinamutsitsa n'kugwada monga timachitira kwathu ku Dedza. Aphunzitsi, mayi wamawu aakulu wa mtundu wa Apedi a m'dzikomo, anatipeza tonse awiri tili chogwada.

"Inu Amalawi ndi ulemu wanu!" anatero akuseka. "Ndi kamwana komwe? Onsewa akanakhala chonchi bwenzi ndilibe imvi."

Diresi lalitalilo ndinasankha dala, ndivomere, koma zogwadazo sindinakonze. Aphunzitsi anamufunsa mwanayo dzina, iye n'kuyankha m'chiyankhulo chawo cha chipedi chimene anatola pawindo pomvera ana akusewera. Atamuuza kuti awerenge, anafika makumi awiri osapuma.

"Ameneyu ndi wathu. Dzuka, kalowe."

Ndinadzuka ndekha. Ndinakweza diresi lija kuti aone matayala.

"Eish," anatero aphunzitsi, kuseka kutatha. "Ana onsewa ndili ndekha, chimbudzi chili uko kuseri. Azimunyamula ndani?"

"Palibe amamunyamula, Amayi. Amakhala yekha tsiku lonse, nditamukhomera ndi loko."

Mawu amenewo ndinali ndisanawatulutsepo kwa munthu, ndipo manyazi anandigwira. Koma mwiniwake sanadikire kuti akuluakulu timalize. Anauzidwa kuti alowe, ndiye anakwera sitepe ndi manja, phaa phaa matayala pasimenti, n'kukadzipanikiza pakati pa anzake pamkeka. Aphunzitsi anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Pitani, sitima ikusiyani," anatero. "Mudzamutenge faifi koloko."

Madzulo tikubwerera, iye ali kumsana akundiimbira nyimbo yatsopano m'khutu, ndinapeza chitseko chathu chosakhoma. Loko inali m'thumba mwanga. Zaka zitatu zonsezo sindinkakhoma nyumba ayi, ndinkakhoma mwana wanga.